Tsiku Limene Msoko Unathyoka

Mumsewu wa amisiri, pakati pa wopala matabwa ndi womata matayala, pali shedi ya malata imene geti lake ndi lokongola kuposa shediyo. Eni ake anthu amangowatchula kuti a Chiphaliwali, chifukwa kwa zaka makumi anayi moto wowotcherera wakhala ukung'anima m'mipata ya malatawo ngati kukubwera mvula. Dzina lawo lenileni mwina amalikumbukira ndi akazi awo okha.

Ntchito anaiyamba ali achichepere, kunyamula zitsulo pa kampani ina yokonza ngolo za malole. Atatsegula pawo anawotcherera mageti, mawindo, mabedi a m'zipatala ndi machesesi othyoka a magalimoto. Luso anali nalo, zimenezo palibe angatsutse. Vuto linali pakamwa. Akaona msoko wowotcherera wa mmisiri wina ankaugogoda ndi chala n'kufunsa ngati pamenepo panagona nkhuku. Amene anamva zowawa kwambiri ndi mng'ono wawo, yemwe anamuphunzitsa okha ntchitoyi. Ankamuitana kuti Zitosi pamaso pa makasitomala, mpaka tsiku lina munthu uja anavula magolovesi, kuwaika patebulo bwinobwino, n'kukalowa ntchito ku fakitale yopanga mathanki a gasi. Panapita zaka makumi awiri ndi zisanu. Pamaliro ndi paukwati moni ankapatsana, koma za zitsulo sankakambirana.

Mwana wawo woyamba ndi wamkazi, amayendetsa ambulansi. Ndi wamtali, anatengera kuchikazi, ndipo liwiro analikonda kuyambira pa njinga yakapalasa. Chaka china anabwera akukoketsa chigalimoto chakalekale cha zitseko ziwiri, chachikulu msinkhu kuposa iye, chimene anachipeza chikuwola kuseri kwa nyumba ya dokotala wina wopuma ntchito. Zaka zitatu anachivutikira: penti yofiira, mipando yachikopa, kenako makaniko anaikamo injini yamphamvu kuwirikiza kawiri imene inabwera nayo. Ikalira, agalu a mumsewu wonse amayankha. Tsopano ankafuna kulowa nayo mpikisano wa magalimoto akale okwera phiri, koma okonza mpikisanowo anamuuza kuti popanda chitsulo choteteza mutu galimoto ikagubuduzika, asayerekeze n'komwe.

"Bambo, ine ndikungofuna chitsulo chimodzi basi," anatero ataimika galimoto ija m'shedi. "Chopinda ngati uta, kumbuyo kwa mipando, chomanga ndi mabawuti. Musandiwonongere m'katimu, chikopachi ndachikhetsera thukuta."

A Chiphaliwali anakoka jeke, kuilowetsa pansi pa ngodya imodzi yakutsogolo, n'kupopa mpaka tayala linasiya pansi.

"Tatsegula chitsekocho."

Chinatseguka monyinyirika.

"Tseka tsono."

Chinakana. Anachikankha ndi manja, anachikankha ndi chiuno, koma chinangogunda pamphepete n'kubwerera.

"Waona, mayi? Galimoto yakoyi ikupotoka ngati thaulo lofinya. Amene anaipanga ankaganiza za munthu wopita kukagula buledi, osati chiwanda cha injini waikamochi. Uta wakowo ukaumanga pa lata lodyeka ndi dzimbirili, tsiku logubuduzika udzangoboola pansi ngati msomali, denga n'kukupeza. Ukudziwa kuposa ine. Sunatolepo anthu m'magalimoto otere?"

Mwana uja anali atatolapo, osati kamodzi.

Anakangana masana onse, choko chili m'manja. Iye anagonja pa mpando wakumbuyo ndi kapeti. Bambo ake anagonja pa zitsulo zopingasa pakhomo: m'malo mwa ziwiri zodutsana anavomera chimodzi cham'munsi, kuti munthu azilowa ngati munthu. Anagwirizana kuti pansi pakhale zitsulo ziwiri zolumikiza chesesi yakutsogolo ndi yakumbuyo, kuti kupotoka kuthe. M'kati mukhale khola lathunthu la miyendo isanu ndi umodzi, mwendo uliwonse utaponda pa chitsulo chochindikala, ndipo paipi yake ikhale yopangira ntchito imeneyi, osati ya madzi kapena ya mageti. Kenako anamukhazika pampando atavala chisoti chake, n'kuyeza kuti paipi idutse zala zinayi pamwamba pa mutu.

"Koma muwotcherere nokha, bambo," anatero povula chisoticho. "Mutu wangawu sindingaupereke kwa munthu wina."

Mawu amenewa anawatsekemera a Chiphaliwali. Wopala matabwa anawamva katatu tsiku lomwelo, womata matayala kawiri.

Mapaipi atabwera, anatha sabata yonse akupinda, kudula ndi kupala. Ntchito imeneyi manja awo amaidziwa ngati njira ya kwawo. Tsiku loyamba kuwotcherera anakumbukira lamulo limene anaphunzira ku ngolo za malole: chitsulo chonyamula moyo wa munthu suyamba nacho usanadziyese. Umatenga zidutswa ziwiri, kuzilumikiza, kuzipana pa vayisi n'kuzimenya ndi nyundo yaikulu. Msoko ukakhala wabwino, paipi imapindika koma msokowo sugwedezeka. Panali patapita zaka asanachite zimenezi, poti geti silifuna mayeso.

Anachita chomwecho. Nyundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu: thyo! Pamsoko penipeni. M'kati mwake munali timabowo ngati buledi.

Anati ndodo zowotcherera zachita chinyezi, n'kutsegula paketi yatsopano. Unathyokanso. Anati ndi magetsi, anatukwana, anasintha mphamvu ya makina. Wachitatu unathyoka pa nyundo yachiwiri.

Anakhala pa chigubu cha penti, nyundo ili pakati pa miyendo. Zoona zake ankazidziwa. Kwa zaka ziwiri m'maso mwawo munali ngati utsi. Akatsitsa chigoba chowotcherera sankakaonanso kadziwe ka chitsulo chosungunuka kamene mmisiri amakatsata. Ankangoyenda ndi khutu ndi chizolowezi. Geti silidandaula, ndiye nawonso anakhala chete, ngakhale kwa akazi awo.

Tisaname, maganizo oipa anabwera. Kunja kwake msokowo unkaoneka bwino ndithu. Kuupala pang'ono, kuupaka penti yakuda, oyendera a mpikisano akanangoyang'ana n'kusayina. Ndani akanadziwa? Mwina galimotoyo sikanagubuduzika mpaka kalekale. Anaimirira, anayenda kukafika pageti, anabwerera. Maso awo ofookawo anagwera pa mzere wa choko umene anajambula pa paipi, posonyeza pamene pamafika chisoti cha mwana wawo. Mantha anawagwira, mantha enieni.

M'mawa mwake anakulunga zidutswa zija m'nyuzipepala n'kukwera basi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wa a Chiphaliwali unali utakhala nawo mpando umodzi ulendo wonsewo. Anafika ku fakitale nthawi yopuma masana. Mng'ono wawo anatuluka akupukuta m'manja, imvi zili mbuu, ndipo anadabwa kuona alendo ake.

"Achimwene, n'kwabwino?"

A Chiphaliwali anamasula nyuzipepala ija pa benchi. Mng'onoyo ananyamula chidutswa chimodzi, kuchitembenuza, kuchiyang'ana padzuwa. A Chiphaliwali anaweramitsa mutu kudikira funso la nkhuku lija. Linali lowayenera, ndipo anali atakonzeka kulimeza.

"Ndi maso, achimwene?"

"Maso."

"Ndi za galimoto ya mwana uja?"

"Eya."

"Loweruka ndibwera. Musakhudze kanthu."

Nkhani inathera pomwepo. Ali m'basi pobwerera a Chiphaliwali anadzipeza akupukuta misozi ndi nyuzipepala yomwe ija, mpaka mayi wina amene anakhala naye pafupi anawafunsa ngati kwagwa zovuta.

Loweruka mng'onoyo anafika ndi makina ake owotcherera a gasi. Anazungulira galimoto, kugwira polumikizira paliponse, n'kuimba kamluzu.

"Apa ngakhale pepala silingalowe. Ntchito yaikulu mwatha kale inu, ine ndangobwera kudzasoka."

Asanakhudze galimoto anatenga yekha zidutswa ziwiri, kuzilumikiza, kuzipana pa vayisi, n'kupereka nyundo kwa akulu ake. A Chiphaliwali anamenya. Anamenyanso ndi ukali wonse wa munthu wochita manyazi, mpaka phewa linayamba kuwawa. Paipi inapindika mpaka kugona, msoko uli chilili.

"Iwe," anatero akupuma wefuwefu, "anakuphunzitsa ndani?"

"Mkulu wina wake wapakamwa ponyansa. Koma ntchito ankaidziwa."

Anaseka onse awiri mpaka wopala matabwa anasuzumira pawindo.

Anagwira masiku awiri a Loweruka. Wamng'ono ankawotcherera, wamkulu ankagwirizira n'kumalamula poyambira: pano pang'ono, kenako mbali inayo, kuti kutentha kusakoke galimoto n'kuipotola. Pamenepo mng'onoyo ankamvera osatsutsa, chifukwa thanki ndi thanki, koma khalidwe la chesesi yakale amalidziwa ndi amene anakalamba nayo. Dzina la Zitosi lija silinatulukenso pakamwa pa a Chiphaliwali. Kawiri konse linafika pa lilime, kawiri konse analibweza.

Mwini galimoto anabwera Loweruka lachiwirilo masana, atavalabe yunifolomu. Anapereka moni kwa bambo ake aang'ono, poganiza kuti angobwera kudzacheza, n'kulowa m'galimoto. Anasisita msoko umodzi ndi chala, wosalala ngati wosokedwa ndi telala.

"Bambo! Dzanja lanu silikalamba ayi."

Mng'ono uja anatembenuka n'kuyamba kukulunga nthambo zake, pang'onopang'ono, osatukula mutu. Anali kuwasiyira ulemuwo dala, kuti autenge ngati akuufuna. A Chiphaliwali anaona zimenezo, ndipo chifundo chimenecho chinawapweteka kuposa chitonzo.

"Tatsika kaye, mayi."

Anatsegula kabati, kutulutsa zidutswa zitatu zija, n'kuziika m'manja mwa mwana uja.

"Dzanja langa ndi ili. Msoko wasisita m'galimotomo ndi wa bambo ako aang'ono. Ine sindikuonanso bwino, papita zaka ziwiri. Ndikanakupha ndi manja angawa, iwe uku ukundithokoza."

Mwana uja anayang'ana timabowo tija nthawi yaitali. Ntchito yake inamuphunzitsa kusalira pamaso pa anthu. Anapita pamene panali bambo ake aang'ono, anagwada pa simenti yodzaza fumbi la zitsulo, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Dzuka, udetsa yunifolomu," anatero iwo. "Ukathokoze amene anakwera basi."

Atadzuka anatembenukira bambo ake, ndipo tsopano anali wa ambulansi weniweni.

"Zaka ziwiri! Mukuwoloka msewu uwu tsiku ndi tsiku, osanena? Lolemba ndikupezeni mutasamba."

Lolemba m'mawa galimoto yofiira inaima pakhomo pawo. A Chiphaliwali anavutika kudumpha chitsulo cha pakhomo chija, ndipo anayamika mumtima kuti anagonja pa ziwiri zodutsana. Ulendo woyamba wa galimoto ya mpikisano unali wopita ku chipatala cha maso, ndipo dalaivala wake, amene amapatutsa malole ndi sayirini, anayendetsa pang'onopang'ono mpaka wanjinga wina anawapitirira akuwayang'ana modabwa. Dokotala anati ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa.

Pobwerera mwana uja anati, "Akakuchotsani muziwotchereranso ngati kale."

A Chiphaliwali anakweza dzanja n'kugwira paipi imene inadutsa pamwamba pa mitu yawo. Anaigwedeza ndi mphamvu zawo zonse, ndipo sinasunthe.

"Mageti, mwina," anatero. "Koma tisanafike kunyumba tadzera ku fakitale. Loweruka lija ndinangoseka naye. Pepani sindinamuuze."