Foni Yakuda Yopanda Chingwe

Ndikafotokoza nkhaniyi anzanga amati mashifiti andizunguza mutu, koma ndikulumbira pali Mulungu, izi zinandichitikira ine ndemwe, dzuwa likuswa mtengo, osati kumaloto.

Nditangofika kumene ku Perth, ku Australia, ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo kudera la Cannington kunali agogo ena aamuna ochokera pa kachilumba ka pakati pa nyanja yamchere, amene ndinkawakonda ngati bambo anga. Moyo wawo wonse anagwira ntchito kukampani ya matelefoni ya kwawoko, moti ukangowapatsa tiyi, basi nkhani yayamba: mmene ankazikira mapolo m'minda ya nzimbe, mmene atsikana a ku ofesi ankalumikizira mafoni pamanja, ndi tsiku limene chingwe cha pansi pa nyanja chinatulukira pagombe, anthu n'kuvina ngati paukwati. Ine ndinkangokumbuka foni ya papositi ofesi kwathu, titavala zakutchalitchi kudikira kuti achimwene aimbe kuchokera ku Joni. Masiku amenewo ndimawasowa.

Pambali pa bedi lawo pankakhala foni yakuda yakalekale, yopukusa ndi chala, chingwe chake chodukiratu. Agogowo anandiuza kuti pantchito pawo panali lamulo lakuti wokwera polo akalumikiza waya aziimba ku ofesi, ndipo asatsike mpaka wa ku ofesiyo amuuze kuti waya wamveka, atsike. Tsiku lina mphepo yamkuntho ikubwera, mnzawo wapamtima anali pamwamba pa polo, iwo ali pafoni yakudayo kudikira. Foni sinalire, mnzawoyo sanapezekenso. Kampani itabweretsa makina atsopano, agogowo anapempha foniyo, ati mwina mnzawo adzaimba.

Mwana wamkazi wa agogowo ankati foniyo n'chinyalala chosunga fumbi, choncho nyengo yotaya katundu wakale m'mbali mwa msewu itafika, anaitulutsa agogo ali mtulo. Nanga Mmalawi n'kusiya chinthu chabwinobwino pamsewu? Poweruka ndinaitola n'kuiika kumpando wakumbuyo wa galimoto yanga, maganizo ali oti ikakongoletse pabalaza panga.

Nditaima pamaloboti pafupi ndi siteshoni ya sitima, foni ija inalira. Abale anga, kulira kwenikweni, ngiriii ngiriii, foni yopanda chingwe! Thupi lonse linachita tsembwe, akumbuyo akundiimbira mahutala, ine kuyesa pemphero mawu osatuluka. Ndinafuna kuiponya pawindo, koma mtima unandiuza kuti woimbayo sakufuna ine, ndipo wadikira mokwanira. Ndinatembenuza galimoto, iyo ikulirabe njira yonse.

Ndinapeza agogo atadzuka, akupapasa pambali pa bedi, misozi ili mbwembwembwe. Anailandira foniyo n'kumvetsera kanthawi, kenako anayankhula m'chinenero chawo ndi mawu amphamvu ngati a mnyamata. Ataiika pansi anamwetulira, n'kundiuza kuti amuuza mnzawo kuti waya wamveka, atsike. Sipanapite nthawi, agogo anatisiya mwamtendere.

Ena kumpingo amati zinali ziwanda, ena amati belu lake linkagwedezeka ndi mabampu, koma mabampu ake ati galimoto itaima? Ine ndimakhulupirira kuti munthu uja anakhala pamwamba pa polo zaka zonsezo, akusunga lamulo la ntchito. Ndiye inu osamalira okalamba, musamataye kanthu kawo musanafunse chifukwa chimene amakasungira. Ndikanapitirira ulendo wanga tsiku lija, bwenzi mnzawo uja mpaka lero asanatsike.