Mayina Makumi Awiri Opita ku Ruwais

Ndinanyamuka ku Al Muntazah, mumzinda wa Doha, Loweruka 6 koloko m'mawa, envelopu ili m'kati mwa malaya. Anandituma ndi a Haji Karim, nkhalamba ya ku Iran yomwe inandilemba ntchito yophika buledi malamulo atasintha, nditasiya ulonda popanda kupempha kalata kwa abwana akale.

Kwawo kwa a Haji ndi kadera ka midzi isanu ndi iwiri ya kumapiri, komwe amalankhula Chiperezi. Woyang'anira deralo ndi mkulu wotchedwa dehdar, ngati T/A kwathu, koma wolembedwa ntchito ndi boma. Anthu atachepa chifukwa chothawira m'matauni, kunamveka zoti chipatala chawo chisamutsidwa. Ndiye dehdar anapempha kuti ana a deralo okhala kunja alembe mayina ndi kudinda chala, kusonyeza kuti makomo awo sanafe. A ku Doha anakwana makumi awiri. Ndege zinali zosowa chifukwa cha korona, choncho pepalalo linayenera kupita pa chombo cha a Abbas, chonyamuka padoko la Ruwais m'mawa womwewo.

"Yusufu, mwana wanga," anatero a Haji, "pakamwa pako mpolemera. Lero ufunse anthu."

M'basi ndinalipira ma riyal khumi. Dalaivala anayamba waona ngati foni yanga ikuonetsa zobiriwira, kuti ndilibe matenda. Tinakhala motalikirana ngati apongozi. Msewu wa kumpoto ngowongoka ngati chingwe, uku mchenga, uko mchenga. Titadutsa Al Khor ndinavula masiki mobisa nkudya buledi ndi tende, zipatso za kanjedza.

Ndinafika padoko cha m'ma 10 koloko. Mlonda wa ku Uganda anandiseka: "Iwe ukunjenjemera ngati wabweretsa lobola." Koma anandilozera kumene kunali zombo zamatabwa, zikutsitsa mavwende ndi anyezi.

Ndinapeza bambo wandevu atakhala pa thumba. "A Abbas ndinu?" ndinafunsa motsitsa mawu. Anakweza chibwano ndi nsidze, nkuliza lilime. Kwathu ku Machinga munthu akakweza nsidze ndiye kuti wavomera. Ndinapereka envelopu ndi manja awiri, nkutembenuka mtima uli m'malo.

Nditayenda pang'ono ndinamva wina akukuwa momufulumizitsa, "Abbas! Yalla!" Amene anayankha anali munthu wina, wamfupi, pa chombo china chomwe ankachimasula zingwe. Ine amene sindinakuwepo ngakhale pa mpira, ndinakuwa dzina lake mpaka doko lonse linacheuka. Ndinathamangira kwa wandevu uja, yemwe anali akutembenuzabe envelopuyo modabwa, ndinaitsomphola, nkukaipereka chombo chitayamba kale kusuntha.

A Abbas anatsegula, nkumawerenga mayina mokweza. Pa dzina lililonse ankatchula mudzi wake, mwina nkuseka, mwina nkugwira pamtima. Kenako anandiponyera chipatso cha khangaza. Mlonda uja ndiye anandimasulira: kwa anthu amenewa, kukweza chibwano ndi nsidze kumatanthauza kukana.

Ndinabwerera ku Al Muntazah cha m'ma 4 koloko. A Haji anali pakhomo, ufa uli m'manja. "Pepala lija lapita?"

Ndi kutopa, ndinangokweza nsidze. Nkhalamba inakhala pansi, nkhope itagwa.

"Lapita, a Haji! Lapita!" ndinakuwanso kachiwiri tsiku limodzi.

Chipatala chija chikadalipo. Ndipo kuyambira tsikulo, a Haji akandifunsa kanthu amawonjezera kuti, "Uyankhe ndi pakamwa, nsidze zako nza Chichewa."