Chidindo cha Malemu Aphunzitsi Seok

Tsiku limene Pyo Eunsil anakhala pansi pa masitepe a yunivesite ina ya ku Daegu, kunali chisanu choboola mafupa. M'manja mwake munali pepala. Pa maphunziro makumi awiri ndi anayi amene anakhoza kukoleji ya zaka ziwiri, yunivesite inawerenga asanu ndi awiri okha. Enawo anawakhwatcha ndi cholembera chofiira ngati akutumbula nsomba.

Ana inu, pepala muziliopa. Silikuwa, sililuma, koma limagwetsa munthu wamkulu.

Eunsil anali wamasiye. Analeredwa ndi azakhali ake ogulitsa nsomba zouma pamsika wa ku Pohang. Masana ankalumikiza mawaya m'fakitale, akaweruka n'kuthamangira kukaphunzira zamagetsi. Mayeso olowera chaka chachitatu payunivesite anakhoza bwinobwino. Ndiye tamvani zimene anamuuza kalaliki wa muofesi, osadzutsa n'komwe mutu.

"Tiwerenga bwanji zinthu zoti sitikuzidziwa? Bweretsa ndondomeko ya phunziro lililonse, yodindidwa ndi amene anakuphunzitsa. Lachisanu likadutsa, malo ako tipatsa wina."

"Koleji yathu inatsekedwa chaka chatha, bwana."

"Ndiye ndinatseka ndine? Wotsatira!"

Mwamva? Mwana wa eni ake wakhetsa thukuta zaka ziwiri, zala zili mabala okhaokha, munthu n'kumuyankha ngati akuingitsa ntchentche! Akanakhala wochokera kusukulu yotchuka ya ku Seoul, bwenzi atamupatsa mpando ndi khofi.

Limenelo linali Lolemba. Eunsil anapukuta misozi, n'kuyamba kusakasaka aphunzitsi atatu amene anamuphunzitsa maphunziro okhwatchidwawo. Woyamba anamupeza ku Ulsan akuphunzitsa ana masamu, ndipo anadinda ali chiimire. Wachiwiri anali atayamba kulima adyo ku Uiseong. Anadinda pamwamba pa thumba la feteleza, pepala n'kutsala ndi chala chamatope.

Anatsala Aphunzitsi Seok, amene anamuphunzitsa maphunziro asanu akuluakulu, mtima weniweni wa zamagetsi. Lachinayi Eunsil anapita kwawo ndi azakhali ake, atanyamula bokosi la mapeyala, poti kwa akulu supita chimanjamanja. Anatsegula chitseko ndi akazi awo. Alendowo asanavule n'komwe nsapato, anaona chithunzi pakhoma chili ndi nsalu yakuda. Aphunzitsi Seok anali atamwalira miyezi inayi yapitayo.

Mayi wamasiyeyo atamva nkhani yonse, analowa kuchipinda. Anatuluka ndi ndondomeko zonse zisanu, zosadinda, pamodzi ndi kathumba kansalu. M'kathumbamo munali chidindo cha malemuwo.

"Dinda, mwanawe," anatero mayiwo. "Bambo akanakhalapo, bwenzi atadinda osawerenga n'komwe. Ankakukonda."

"Ukudikira chiyani, mvula?" anatero azakhali. "Dinda!"

"Azakhali, adinde munthu woti ali kumanda?"

"Chidindo chimapita kumanda, chitsiru iwe? Ndakulera ndi fungo la nsomba kuti udzabwerere pakhomo pa yunivesite? Iwo akukubera zaka ziwiri dzuwa likuswa mtengo, iwe ukuopa kadontho ka inki!"

Azakhaliwo musawaweruze, mkwiyo wawo unali woona. Koma chenjerani ndi tsiku limene mwalakwiridwa, chifukwa ndi tsiku lomwelo limene tchimo limabwera litavala zoyera. Chidindo ndi dzanja la munthu. Mwini wake akagona, dzanja nalo lagona.

Eunsil anachigwira chidindocho. Anaona fakitale ikumuyembekezera moyo wake wonse. Kenaka anachibweza m'kathumba, n'kuchipereka kwa mayiwo ndi manja awiri, atawerama. Anatenga mapepala okha. M'basi azakhali anamufulatira. Mazira owiritsa amene anatenga a paulendo anadya okha, onse anayi.

Lachisanu m'mawa kalaliki uja anawerenga mapepalawo akunyambita chala.

"Asanu awa alibe chidindo."

"Mwini chidindo anamwalira."

"Ndiye basi, zatha."

"Sizinathe. Ndikufuna kuonana ndi mkulu wa maphunziro a zamagetsi."

"Iwe, mkuluyo saonana ndi aliyense wongodutsa mumsewu."

Eunsil anakhala pansi pakhomo la ofesi, pasimenti yozizira. Ola linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Ophunzira ankamulumpha miyendo akuseka. Dzuwa litapendeka, kunamveka phokoso m'khonde. Azakhali anali atatseka benchi lawo la nsomba n'kukwera basi, epuloni ili m'chiuno.

"Ali kuti wothamangitsa mwana wanga? Ndi kamnyamata aka? Kolala yoyera ngati mimba ya nsomba! Itana apolisi, nawonso amagula kwa ine!"

Phokosolo ndi limene linatulutsa Apulofesa Nam, mkulu wa zamagetsi, mayi wa imvi. Anatenga mapepalawo n'kuima nthawi yaitali pa dzina limodzi.

"Seok," anatero pansipansi. "Tinaphunzira kalasi imodzi. Pamaliro pake ndinalipo masiku onse atatu." Anayang'ana malo opanda chidindowo. "Mapepala awa akanabwera odindidwa, dzina lako bwenzi litafufutidwa lero lomwe, ndipo nkhani yako ikanamveka patali."

Azakhali anangoti zyolii, kuyang'ana nsapato zawo.

"Komabe pepala lopanda umboni sindingaliwerenge," anapitiriza apulofesa. "Unditsate. Tione ngati anakuphunzitsadi."

Anamutengera kuchipinda cha makina. Anamuikira injini yamagetsi yakufa patebulo ndi mafunso pabolodi. Apa zala zamabala zija zinalankhula. Ola lisanathe, injini inali ikulira. Mafunso anayankha onse kupatula a phunziro limodzi la masamu, pamene anakakamira mpaka choko kuthyoka.

"Anayi ndawerenga," anatero apulofesa. "Lamasamu ubwereza. Chaka chachitatu ukuyamba mwezi wamawa."

Lamasamulo anabwerezadi, ndipo linamuliza kangapo. Lero Eunsil amayang'anira zamagetsi pamalo okonzera sitima zapamadzi ku Geoje, amuna akuluakulu akumugwadira pomufunsa nzeru.

Koma musati nkhaniyi ndi yokoma yokhayokha. Ndi angati amene anauzidwa kuti "wotsatira" n'kupita kwawo osabwereranso? Kalaliki uja akadali pampando womwewo, ndipo mutu sadzutsabe.

Choncho inu amene muli m'makoleji aang'ono, sungani ndondomeko iliyonse, ndipo aphunzitsi anu adinde akadali moyo. Wokukanizani pawindo si mwini yunivesite, funsani wamkulu wake. Akakutsekerani chitseko, khalani pomwepo mpaka simenti itenthe. Njira yachidule ikakunyengererani, ikaneni ngakhale akukukakamizani ndi amene anakulerani. Osataya mtima, ana inu, ndipo osabwereka dzanja la wakufa.