Zofulukuta M'mimba mwa Nambewe

Ku Lobi, zaka zija azungu ankagwira amuna kuti akasenze katundu ku nkhondo ya Ajeremani, kunali mayi wina dzina lake Kristina Nambewe. Khasu ankalidziwa, nyemba pakhomo pake zinali mbwee. Koma zaka zisanu ndi zinayi ali pabanja ndi Kizito, kumsana kunali zii. Abale a mwamunayo, amene anali pachikamwini, sankamubisira mawu mbale wawoyo: "Bwerera kumudzi, ukungolimira eni ake kumeneko." Kizito, munthu wobatizidwa, ankangoti chete. Nanga chete wa mwamuna ungamudalire?

Tsiku lina akupalira, Kristina anamva kanthu kakufulukuta kumunsi kwa mchombo. Anaponya khasu, nakhala pamzere, manja ali pamimba. Kanafulukutanso. Mayo ine! Analira ngati wafedwa, chonsecho ndi chimwemwe. Pakati salengeza anamkungwi asanabwere kudzalangiza, ndiye anangonong'oneza mwamuna wake. Kizito naye, osaugwira mtima, anapha mbuzi n'kuyamba kufufuta chikopa cha mbereko.

Miyezi inapita, mimba ikutupa, mwini wake akuwonda. Atabwera a Bernadetta, azamba a m'mudzimo, anasisita, anadina, kenako anayang'ana kumbali.

"Mwanawe, muno mulibe munthu. Ndi njoka za m'mimba izi."

Anamusiyira mizu yoti awiritse, koma Kristina anaisomeka kudenga. Sikuti sanakhulupirire ayi, zoona anazidziwa bwino lomwe. Koma akamwa, atsala ndi chiyani? Masana ankazembera kuseri kwa nkhokwe, n'kugwira pamimba, kudikira kuti zimugwedeze. Abale inu, kusowa mwana kumapusitsa munthu! Ankafika poziimbira nyimbo zotonthozera khanda.

Mizu ija anaipeza ndi Kizito, akufuna mpeni kudenga. Anaitsitsa pomwepo. Anawiritsa yekha, bambo wandevu zake kuuzira moto ngati mtsikana, nabwera ndi chipanda.

"Imwani, a Nambewe."

"Ndikamwa, mupita kwanu."

"Ndapalira kuno, ndikolola konkuno. Maliro anu ndiye sindikuwafuna."

Anamwa. Patapita masiku awiri, m'mimba munali bata. Thupi linabwerera, Kizito sanachoke, anakalamba limodzi. Koma mpaka imvi, Kristina akamva mayi woyembekezera akudandaula kuti mwana m'mimbamo akumusowetsa mtendere, ankasiya chilichonse, n'kusendera pafupi, n'kupempha motsitsa mawu:

"Ndilole ndigwireko pamimbapo pang'ono, mwanangu."