Mmene Akazi Anga Analowera m'Kabuku Kanga

Kabukuko ndinakalemba kwa zaka zitatu, pang'onopang'ono, m'makope a ana asukulu. Kanali ka malingaliro a mlimi wopemphera, mutu umodzi pa ntchito iliyonse ya fodya: kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, mpaka kudinda belo. Ndinkafuna kuti mlimi mnzanga aziona dzanja la Mulungu pomwe pali manja ake. Chaka china nditagulitsa fodya ndinapita ndi makopewo ku Kasungu boma, ndipo ndinabwerera kwathu ku Kapelula ndi katoni yodzaza timabuku, nditaikumbatira pamatola ngati khanda.

Abusa anatenga kamodzi. Akulu a mpingo awiri anatenganso, ndipo kamodzi mwa timeneto ndinadzakapeza pawindo la mwini wake, katatseka pamene galasi linasweka. Totsalato tinalowa pansi pa bedi. Malemba amatichenjeza za nyale yobisidwa pansi pa kama, koma ine yanga ndinkaigonera pamwamba. Tsiku lina akazi anga akusesa anaikoka katoni ija, n'kuona kuti chiswe chaboola kona imodzi.

"Abambo, bwerani mudzalonjere alendo," anatero. "Owerenga anu afika. Ayambira ku mutu womaliza."

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinachita mantha. Ndinkakumbukira kapolo uja anakwirira pansi zimene mbuye wake anamusungitsa. Ndikadzafunsidwa kuti mphatso ija ndinachita nayo chiyani, ndidzati ndinadyetsa chiswe?

Amene anabwera ndi nzeru anali mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, yemwe anali mlembi wa kalabu yathu ya alimi. "Alamu, anthu masiku ano ali m'foni," anatero. "Mukawafuna, apezeni kumeneko." Pompo anandilowetsa m'gulu la pafoni limene iye ankayang'anira. Zinali zaka za fetereza wotsika mtengo, ndipo gululo linali la nkhani imodzi yokha: kudziwitsana ngati lole yafika kudepoti, ndiponso ngati netiweki yabwera kuti anthu ayambe kugula.

Ine ndinaona munda wolimalima. M'bandakucha uliwonse ndinkalemba mutu wathunthu ndi chala chimodzi n'kutumiza. Sindinaganize kuti foni ikalira nthawi imeneyo, m'mwezi umenewo, munthu amadzambatuka. Bambo wina anapalasa njinga mpaka kumsewu waukulu, matumba opanda kanthu ali kumbuyo, asanawerenge n'komwe. Atatsegula uthengawo anapeza ndikumulangiza za kudikira nthawi ya Ambuye. Tsiku lachitatu wina analemba kuti, "Ndi fetereza kapena ndi abambo aja?" Tsiku lachinayi mlamu wanga anandichotsa m'gulumo ndi dzanja lake lomwe.

"Inu mumaidziwa bwino nkhani ya wofesa," anatero atabwera kudzandipepesa, uku akuseka. "Mbewu yanu mwakaitaya pamzere wa fetereza. Mumati ipondedwa ndi ndani?"

Za kabuku ndinazisiya kaye mpaka mvula inatha. Kenaka inafika nyengo yosankha fodya, pamene anthu amakhala pansi m'zigafa tsiku lonse, kupatula masamba monga mwa mtundu ndi utali wake. Mlamu anabweranso.

"Alamu, munthu wosankha fodya sangagwire buku. Manja ndi otanganidwa, ndiponso ndi akuda. Koma makutu ali pa ulova. Muwawerengere ndi pakamwa." Anandionetsa kachizindikiro kojambulira mawu. "Dinikizani apa, muziyankhula. Mukachotsa chala, zapita kwa ine." Mawu omalizawo ndinawamva ndi khutu limodzi.

M'mawa mwake ndinakhala pakhonde, n'kutsokomola kuti mawu amveke a pa guwa, ndipo ndinayamba kuwerenga mutu wonena za nkhawa. Ndinanena za mbalame zimene zilibe nkhokwe koma sizigona ndi njala. Ndinati mlimi wokhulupirira asamadere nkhawa za mawa. Akazi anga ankasenda mtedza chapafupi, ndipo sanakweze n'komwe mutu.

"Zoona, abambo? Asamadere nkhawa? Nanga amene alowa m'chigafa kanayi chidzukireni, kukanunkhiza fodya ngati wayamba nkhungu, ndi mbalame?"

Ndinakweza dzanja kuti ndiwaletse. Chala chinachoka. Zinapita.

Ndinathamangira kwa mlamu kuti afafanize, koma ndinamupeza atagwira mimba ndi kuseka. Anali atatumiza kale kwa kapitawo wa pa esiteti yoyandikana nafe, kumene matenanti ochokera maboma akutali ankasankha fodya wa eni ake. Ndinamva pambuyo pake kuti kapitawoyo anaika foni m'ndowa yopanda kanthu kuti mawu akwere, ndipo chigafa chonse chinamvera katatu. Ulendo wachitatu ankangodikira pa mbalame paja.

Manyazi anandigwira sabata yathunthu. Pamapeto pake ndinaganiza zokonza mbiri yanga. Ndinapita kudimba, kutali ndi nyumba, n'kuwerenga mutu wa kuleza mtima popanda wondidula, mawu oyera ngati ufa woyera. Ndinatumiza mtima uli m'malo. Madzulo mlamu anandibweretsera yankho la kuchigafa kuja: "Tamva, abambo. Koma amayi sakumveka. Adwala?"

Ndinapemphera nazo zimenezi, ndipo sindibisa kuti ndinapemphera modandaula. Zaka zitatu za kulemba, ndiye anthu n'kumafuna wosenda mtedza! Koma pamene ndinali chogwada ndinaona chimene ndinali ndisanachione. M'kabuku monse ndinalemba ngati munthu amene anawoloka kale mtsinje, wongoitana anzake ali kutsidya. Anthu a m'chigafa aja ankafuna kumva munthu amene madzi akumufika m'chiuno ngati iwo. Ine ndinali munthu wotero, koma wodziwa zimenezo ndi wokhoza kuzinena anali mmodzi yekha.

Ndinabwerera pakhonde n'kuwapempha akazi anga kuti azikhala pafupi ndikamawerenga.

"Si munati ndikusokoneza Mawu?"

"Ndalapa, mayi. Paja Mulungu anayankhulapo ngakhale kudzera mwa bulu."

"Tsono bulu ndi ndani pa awirife?"

Chala changa chinali kale pa kachizindikiro kaja, ndipo ndinasiya dala kuti zipite.

Kuyambira pamenepo tinkatumiza kawiri pa sabata. Ine ndinkawerenga, iwo n'kumathira ndemanga akafuna, ndipo sindinkadziwiratu kuti alasa pati. Nditanena za kukhululuka, anafunsa za mbuzi ya aneba imene ndinaithamangitsa ndi mpini itadya nazale. Koma sikuti zonse zinali nthabwala. Tsiku lina ndikuwerenga za chaka chimene matalala anang'amba fodya wathu yense m'munda, iwo anati, "Chaka chimenecho munalira, abambo. Nenani kuti munalira." Ndinanena. Mlamu anandiuza kuti tsiku limenelo m'chigafa munalibe woseka, ndipo mayi wina anayambitsa nyimbo.

Katoni ija inali idakali pansi pa bedi. Anthu ankamvera, inde, koma palibe anali atapempha kabuku, ndipo chiswe sichinapite kutchuthi.

Fodya atatha kugulitsidwa, matenanti anayamba kumanga katundu. M'mawa wina kunafika mayi wobereka mwana, atanyamula mbatata m'kansalu. Anagwada n'kupereka moni, ndipo mayankhulidwe ake anali a kumwera. Anati ankasankha fodya pa esiteti paja, ndipo mawa lake akubwerera kwawo ku Phalombe.

"Foni ija ndi ya akapitawo," anatero. "Ikutsala konkuno. Ndinamva kuti zimene mumawerenga zili m'buku. Mwana wanga wamkulu amadziwa kuwerenga."

Ndinalowa m'nyumba n'kukoka katoni ija. Ndinasankha kamene chiswe sichinakhudze, n'kukapukuta ndi malaya anga. Mayiyo anakalandira ndi manja awiri, n'kutsegula masamba mmodzimmodzi, ngakhale zilembo sankazidziwa.

"Nanga pamene amayankhula amayi ndi pati?"

"Palibe," ndinatero. "Ndinakalemba ndekha."

Anakatseka pang'onopang'ono. Ndinaona kuti ulemu wokha ndi umene ukumuletsa kukabweza. Pamenepo akazi anga anapukuta manja pa chitenje, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi cholembera.

"Tsegulani pa mbalame paja, abambo. M'mphepetemo muli malo. Lembani monga ndinanenera, musakometse."

Tinakhala pakhonde atatu mpaka dzuwa linafika pamutu. Ine ndinkalemba, akazi anga ankanena, ndipo pamene iwo aiwala, mlendoyo ankawakumbutsa mawu ndi mawu. Za mbuzi ndinayesa kudumpha, koma awiriwo anandigwira. Pa tsamba la matalala ndinalemba ndekha, wosauzidwa.

Mbiri inafika pa esiteti tsiku lomwelo, ndipo lole ya matenanti isananyamuke ndinali nditalemba m'mphepete mwa timabuku tina tisanu ndi kamodzi, mpaka dzanja linachita dzanzi. Totsalato tinatuluka kamodzikamodzi m'miyezi yotsatira, ndipo palibe kanachoka pakhomo pathu kopanda mawu a m'mphepete. Kumpingo ena amati ndinaononga buku labwino. Mwina. Ine ndimangodziwa kuti pansi pa bedi pakusesedwa bwino tsopano, ndipo m'katoni muja nkhuku ya akazi anga yaswamo kale kawiri.