Galimoto Yanga pa Miyala ku Kanyama

Galimoto imeneyo ndinaiyendetsa zaka zambiri isanakhale yanga. Inali ya kampani, yonyamula bwana wamkulu. Inali yakuda, yaitali, yopangidwa ku Jeremani, ya mipando yachikopa. Ine ndinali dalaivala wake kuyambira tsiku limene inafika mu Lusaka. Mtengo wa mkuwa utagwa, kampani inayamba kufota. Anachotsa anthu, anatseka maofesi, kenako anagulitsa magalimoto akale kwa antchito. Anzanga anatenga ndalama zawo zopumira ntchito n'kugula malata ndi simenti. Ine ndinagula galimoto. Sindinafunse nzeru kwa munthu, ndipo mpaka lero sindipepesa kwa aliyense.

Inali itayenda kwambiri. Kawotchi kowerenga mtunda kanazungulira mpaka kanatopa n'kuima. Koma injini inkalira bwino, ndipo chitseko ukachitseka chinkamveka ngati cha sefa ya kubanki. Ndinaidziwa kuposa mmene ndinadziwira ana anga ena.

Kudya kwake ndiko kunali koopsa. Petulo inkamwa mopanda manyazi. Masiku amenewo m'masitolo munalibe sopo, munalibe shuga, mafuta ophikira tinkaimira pamzere kuyambira m'mawa. Nanga chitsulo cha ku Jeremani ukanachipeza kuti? Makaniko wanga wa ku Kalingalinga ankadula magasiketi pa katoni. Paipi ya utsi anaiwotcherera mpaka inatsala zipsera zokhazokha. Wailesi yanga yaikulu inapita chifukwa cha pampu ya madzi. Njinga inapita chifukwa cha batire. Mkazi wanga ankati m'nyumba muno muli akazi awiri, ndipo wamng'ono ndi amene amadya nyama.

Kuwonjezera apo panali anthu. M'komboni mukakhala galimoto, si ya mwini yekha. Wobereka, ine. Womwalira, ine. Mkwatibwi wofuna kufika kutchalitchi ngati mwana wa nduna, ine. Sindinkakana, chifukwa maliro sakanidwa. Koma amene anafunsapo za petulo ndingawawerenge pa dzanja limodzi.

Muyenera kudziwa mmene Kanyama, komboni yathu, alili. Pansi pa dothi pali thanthwe. Mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangokhala, n'kumakwera. Choncho chaka chilichonse mitambo ikayamba kusonkhana ndinkapita nayo galimoto ku Chilenje, kwa mnzanga amene tinkagwira naye ntchito, kumene kuli kokwera. Ndinkaiphimba ndi tenti mpaka dzinja litatha. Zimenezi ndinali ndisanaphonyepo.

Chaka chimene ndikunenachi matayala anatha mpaka ulusi kuonekera. Anali aakulu, a mtundu wosapezeka mu Lusaka. Dalaivala wina wa lole zopita kum'mwera anandibweretsera anayi atsopano. Ndinalipira ndi makina osokera a mkazi wanga. Mayiyo anawapereka yekha makinawo, koma anatha masiku akundiikira chakudya patebulo osandiyang'ana kumaso. Nditawamanga matayalawo, anthu ankaima kuwasirira. Ankanunkha labala watsopano, fungo limene ambiri tinali titaliiwala.

Panali mwambo pakati pa ife eni magalimoto akale. Galimoto ikamapita kukayesedwa ku boma kuti aipatse kapepala ka pagalasi, munthu ankabwereka zimene alibe. Nyali kwa uyu, batire kwa uyo, matayala kwa wina. Oyesa nawonso ankadziwa, chifukwa tayala limodzi ankatha kuliona pa magalimoto angapo mwezi umodzi. Tinkakhala choncho, popeza panalibe wokhala ndi zonse. Koma lamulo linalipo limodzi, ndipo ngakhale zidakwa zinkalisunga: dzuwa lisalowe chinthu cha mwini chili pa galimoto yako.

Mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga, ankakhala ku Matero. Ankagulitsa sopo ndi mafuta ophikira kuseri kwa msika pamtengo wake wake. Ataona ulemu umene anthu ankandipatsa, nayenso anagula galimoto ya mtundu womwewo, yotuwa, yotha kuposa yanga. Sankadziwa ngakhale pothirira oyilo. Mu Lusaka monse, mawilo amene akanakwana pa galimoto yake amene iye ankawadziwa anali anga.

Anabwera mu Okutobala, dzuwa likuotcha, atavala magalasi akuda.

“Ba mulamu, ni mailo chabe,” anatero. “Kuseni nayenda ku fitinesi, mumazulo matayala yali pano. Nanga imwe muyenda kuti na petulo wa masiku yano?”

Ankatanthauza kuti mawa lake m'mawa apita kukayesetsa galimoto, madzulo abweza matayala. Ndinamukumbutsa lamulo lija. Ndinamuuzanso kuti mvula ili pafupi ndipo galimoto iyenera kupita ku Chilenje. Anaseka, n'kunena kuti ine ndimalankhula ngati ndidakali pakhomo la bwana. Mkazi wanga anali atakhala pakhonde akusankha nyemba. Manja ake anasiya kusankha. Makina amene anagula matayalawo anali ake, ndipo wopemphayo anali mlongo wake. Ndinatenga jeki. Ndinaikweza ndekha galimoto, n'kuikhazika pa miyala yafulati ndi zidutswa za njerwa, ngodya zonse zinayi. Mawilo ndinawakweza ndekha m'buti mwake.

Dzuwa linalowa. Mawa lake linalowanso. Kenako mayi wina wa kumsika anabwera ndi uthenga woti oyesa aja amuuza mlamu kuti abwerenso sabata yamawa. Ndinakhulupirira, chifukwa maofesi a boma masiku amenewo ankaterodi. Koma mnansi wanga amene ankagwira ntchito kumafakitale anandiuza zoona. Galimoto yake inapambana tsiku lomwelo. Tsopano inkanyamula anthu pakati pa Matero ndi tauni ngati takisi, popanda chilolezo. Kumbuyo ankapanikiza anthu mpaka ena kukhalirana pamiyendo, m'buti matumba a makala. Zonsezo pa matayala anga, m'misewu imene phula linatha kale n'kutsala maenje.

Ndinapita ku Matero wapansi. Ndinapeza mkazi wake. Anandipatsa mpando ndi tiyi, n'kunena kuti bambo achoka m'mamawa. Ndinapitanso, anandipatsanso mpando. Ulendo wina ndinamupeza akudya. Sanachite mantha. Anandiitanira pa mbale.

“Lekani motoka isebenzeko pang'ono, nigule yanga,” anatero akutafuna. “Yanu imangogona monga nkhalamba. Matayala yangaole, ba mulamu. Nikuthandizani kuyatambasula.”

Kwathu munthu ndi mlamu wake amanyozana, ndipo palibe amene amakwiya. Iye ankabisala kuseri kwa mwambo umenewo. Ndinamuuza kuti chilamu ndi nthabwala, si kuba. Nkhope yake inasintha. Anati ngati ndamutcha mbala, nkhaniyo apita nayo kwa akuluakulu.

Anapitadi. Malume awo a mkazi wanga, mkulu wa mpingo wa ku komboni ya George, anatiitana tonse. Tinayamba ndi pemphero lalitali. Kenako anandiuza kuti pa chibale sitipita kupolisi. Anati tayala si munthu. Anati ine ana anga ndi aakulu pamene mlamu ali ndi ana aang'ono, ndipo nthawi zino n'zovuta kwa aliyense. Anagamula kuti mawilo abwerere kumapeto kwa mwezi. Za mawu akuti kuba, anati ndiwabweze. Ndinayankha kuti mitambo sidziwa kumapeto kwa mwezi, ndipo mawu anga sindibweza. Anandiyang'ana ngati ine ndiye wolakwa. Munthu amene zake zatengedwa ndiye anapemphedwa kuleza mtima. Wotengayo anapatsidwa masiku.

Kunyumba galimoto inali pa miyala. Galimoto ikakhala pa miyala m'komboni anthu amaiona ngati yafa. Nkhuku za eni ake zinayamba kuikira pansi pake. Galasi loonera kumbuyo linasowa. Munthu wina anabwera kudzafunsa ngati ndikugulitsa mipando. Ndinamuthamangitsa. M'mawa uliwonse ndinkailiza injini pang'ono kuti batire lisafe, n'kuipukuta fumbi. Ndinayesa kubwereka mawilo kwa ena, koma mabowo a mabauti sankagwirizana. Chizimalupsa chinagwa, fumbi linagona. Mwezi unatha. Mawilo sanabwere. Mkazi wanga anapita yekha ku Matero, n'kubwerako ndi botolo la mafuta ophikira ndi lonjezo lina.

Tsiku lina m'mawa ndinatuluka n'kuona kumwamba kwada bii, mphepo itaima. Sindinauze munthu. Ndinatenga jeki ndi sipanala, ndinalemba ganyu bambo wina wa wilibala, tinanyamuka.

Galimotoyo tinaipeza poimikira pafupi ndi msika wa Matero. Inali itadzaza kale, mlamu ali panja akuitana munthu womaliza. Sindinamupatse moni. Ndinagwada, ndinamasula manati a wilo lakumbuyo, ndinalowetsa jeki. Galimoto itayamba kupendekeka, mayi wina wa dengu la tomato anatulutsa mutu pawindo.

“Imwe batate, mufuna kutigwetsa?”

“Tsikani, mayi. Miyendo iyi ndi yanga.”

Anatsika onse akung'ung'udza, ena akufuna ndalama zawo. Anyamata oitanira anthu m'mabasi anatizungulira. Atamva nkhaniyo kwa bambo wa wilibala anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo iwo omwe anathamanga kukanditolera miyala. Mmodzi ankafuula kuti motoka ya bwana yavula nsapato. Mlamu anayamba ndi nthabwala, kenako anapempha, kenako anawerama n'kulankhula motsitsa mawu.

“Ba mulamu, munganichititse nsoni pa banthu so? Mukazi wanu ni mulongo wanga.”

“Mlongo wanu anagulitsa makina ake,” ndinatero.

Ndinachotsa onse anayi. Ndinawayang'ana limodzi limodzi. Lina linali ndi chotupa m'mbali, chifukwa chogunda maenje. Lina linali ndi chigamba. Awiri akutsogolo anadyeka mbali imodzi, popeza munthuyo sankadziwa kuti mawilo amawongoledwa. Tinawakweza pa wilibala, tinawamanga ndi chingwe. Galimoto yake ndinaisiya pa miyala pakati pa msika.

Mvula inatipeza kumafakitale. Sinayambe ndi madontho. Inangokhuthuka. Tinapitirira, chifukwa ndinkadziwa chimene chinali kuchitika kunyumba. Pofika kumalire a Kanyama njira inali itasanduka mtsinje. Zimbudzi zinali zitasefukira. Madzi atafika m'mawondo, wa wilibala anakana kupitirira, ndipo sindimuimba mlandu. Ndinamulipira. Ndinamanga mawilo awiri awiri ndi chingwe, n'kumawakoka m'madzi, kubwerera, kukokanso enawo. Ndinali kale munthu wa imvi. Anthu amene ndinanyamulira maliro awo ankandiyang'ana ali pamakomo, aliyense ali ndi beseni lake.

Nditafika ndinapeza mkazi wanga ndi ana aakazi akukapa madzi m'nyumba, thumba la ufa ataliika patebulo. Ndinazungulira kuseri. Njerwa zakutsogolo zinali zitafewa n'kuphwanyika, miyala inatsetsereka. Galimoto inali itagwada, mphuno yake ili m'madzi. Nyali sizinkaoneka. Ndinayesa kulowetsa jeki, koma pansi panali matope okhaokha, jekiyo inkangomira. Ndinayesa kuika thabwa, madzi analiyandamitsa. Ndinaitana amuna a pafupi kuti tiinyamule. Anabwera atatu. Galimoto imeneyo sinali yonyamula amuna anayi. Ndinaima m'madzi ndi mawilo anga anayi akuyandama pachingwe. Mkazi wanga anatuluka, anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kundipatsa beseni.

Chaka chimenecho madzi sanaphwe msanga. Anakhala mpaka anabiriwira, achule akulira m'kati mwa galimoto. Ataphwa ndinaitana makaniko uja wa ku Kalingalinga. Anamasula nati ya pansi pa injini, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati thobwa. Anayesa kuipukusa injini ndi sipanala yaikulu, sinasunthe. Dzimbiri linali litaigwira m'kati. Mawaya anaola, chikopa cha mipando chinachita nguwi. Anapukuta manja, n'kundiuza kuti ngakhale zitsulo zikanakhala zikupezeka, akanandilangiza kuti ndiisiye. Galimoto imene inazungulira dziko lino kuyambira ku Livingstone mpaka kumalire a Tanzania popanda kundigoneka panjira inafera kuseri kwa nyumba yanga, itaima.

Anthu ena anati ndi chifuniro cha Mulungu. Mulungu anagwetsa mvula, inde, monga amachitira chaka chilichonse. Sanabwereke matayala.

Dzinja litatha malume aja a ku George anabwera ndi nkhuku m'manja. Anati mlamu wawatuma kudzapepesa. Ndinawapatsa mpando. Analankhula za chikhululukiro nthawi yaitali, ndipo ndinamvetsera, chifukwa ndi akulu. Kenako anatsokomola, n'kunena kuti pali kanthu kena kakang'ono. Giyabokosi ya mlamu inali itayamba kuvuta. Popeza yanga tsopano inalibe ntchito, ndi matayala omwe, kodi sizikanakhala bwino kuti zinthuzo zikhale pa chibale m'malo mopita kwa anthu akunja?

Ndinawauza kuti abwerere nayo nkhuku yawo.

Giyabokosi ndi matayala ndinagulitsa sabata yomweyo kwa munthu wa ku komboni ya Garden amene sindinkamudziwa n'komwe. Ndinamupatsa pamtengo wotsika, wotsika kwambiri, ndipo ndinaonetsetsa kuti mtengowo wamveka ku Matero.