Khoma Lofunda la Mayi Mabatani

Mumsewu umenewu munthu safunika kuyang'ana kumwamba kuti adziwe nyengo. Amangomvera mmene Mayi Mabatani akupatsira moni bambo wa buledi. Akamva moni wautali wofunsa ndi za ana omwe, amadziwa kuti kuzizira kwafika, akatenge juzi. Akamva kutsonya kokha, ndiye kuti dzuwa lakwiya.

Mayi Mabatani ndi telala. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa cha timabatani tokutidwa ndi nsalu timene amasokerera kumsana kwa madiresi aukwati, kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Zipi amaiona ngati ulesi. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi: muli makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali lobenthuka pakona, ndi chidole chopanda mutu choyezerapo madiresi. Anayamba kusoka ali mtsikana, ndipo makina omwewo ndi amene anawalerera ana, amuna awo atamwalira.

Nyamakazi inawalowa mwaulemu. Inayamba ndi chala chachikulu, itaona kuti malo alipo inaitana abale ake. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti matendawa ndi okhala nawo. Anawapatsa mapiritsi ndi mafuta opaka, n'kuwalangiza kuti manja azikhala ofunda. Kunja kukatentha zala zimawamvera bwinobwino. Koma kukangoyamba kuzizira mfundo zimatupa, zala zimapindika, singano n'kumawapulumuka. M'mawa wa mitambo ngakhale kumanga mpango kumakhala nkhondo. Anayesapo kuika mbaula pambali pa makina, koma tsiku lina moto unathetheka n'kuboola siketi ya mwini wake. Kuyambira pamenepo makala salowa mushopumo.

Chimene chimawapulumutsa ndi khoma. Kuseri kwa khoma la kumanzere kuli uvuni wa njerwa wa bambo wa buledi. Bambowo amakoleza moto m'mamawa, ndipo Mayi akamatsegula shopu amapeza khomalo litafunda kale. Amakokerako makina, amatsamiritsa zikhatho pakhoma kwa kanthawi, zala n'kumasuka, ntchito n'kuyamba. Singano ikayambanso mwano, amabwerera kukhoma. Pamalopo penti anada, panatsala chithunzi cha manja awiri, ndipo Mayi ankakolekapo nsalu kuti anthu asadziwe.

Ankabisa chifukwa khoma lomwelo ndi mdani wawo nyengo yotentha. Kachipindako kamasanduka ng'anjo, thukuta n'kumadonthera pansalu za anthu. Zikatero Mayi amaiwala zabwino zonse. Amaima pakhonde manja ali m'chiuno, n'kumauza msewu wonse kuti pali anthu ena amene amaphika buledi pamodzi ndi aneba awo. Bambo wa buledi, munthu wathupi, wofatsa, woseka ndi mimba yomwe, ankangopukuta nkhope ndi thaulo n'kunena kuti amva. Iwonso anali ndi lawo vuto, la kuthamanga kwa magazi, ndipo kukatentha ankayenda ngati akuponda paminga, mapazi atatupa. Mayi ankadziwa zimenezi, koma munthu akamawauka saona kuwauka kwa mnzake.

Chaka chimenecho mzime wa Mayi Mabatani anabwera ndi nkhani ya ukwati. Tsiku lake linagwera pakati penipeni pa nyengo yozizira, poti ndi nthawi imene mkwati ankapuma kuntchito. Mtsikanayo, podziwa zala za amayi ake, ananena mozungulira kuti masiku ano zipi zilipo zokongola kwambiri. Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Moyo wawo wonse asokera mabatani ana a eni ake, ndiye wawo yekha apite ndi zipi? Anamuuza kuti mabataniwo asoka okha, ndipo patsikulo adzamumanga okha ndi manja awo. Ankalankhula molimba mtima chonchi chifukwa ankadalira khoma.

Mphepo yoyamba yozizira itayamba kuthothola masamba, Mayi anamva lole ikutsitsa njerwa kuseri. Posakhalitsa bambo wa buledi anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"Amayi, madandaulo anu aja amveka. Uvuni uja ndikuugumula. Watsopano ndimanga panja, kuseri uko, pamphepo. Tsopano mupuma."

Mayi anayankha kuti ndi nkhani yabwino, ndipo bambowo anachita kuchedwa nayo. Anayang'ana nsalu yoyera imene inali patebulo, n'kuyang'ana zala zawo, ndipo anachita mantha.

Munthu wina akanangopita kukanena chilungamo. Koma awa ndi Mayi Mabatani, ndiye anayamba njira zokhota. Anauza bambo wa buledi kuti mmisiri amene amupezayo amamanga zopendekeka. Mawa lake anati njerwazo n'zosapsa. Kenako anati anamva kuti buledi wa mu uvuni watsopano amanunkha dothi, makasitomala adzathawa. Anayamba kugula buledi m'mawa uliwonse, iwo amene ankati buledi amawatupitsa m'mimba, n'kumatamanda uvuni wakale ngati akutamanda malemu. Bambo wa buledi ankangogwedeza mutu modabwa, uku uvuni watsopano ukukwera.

Utatha, bambowo anauyesa. Tsiku limenelo Mayi anaika zikhatho pakhoma n'kupeza kuti ndi khoma wamba, lozizira ngati la kubafa. Anadzilimbitsa mtima n'kuyamba ntchito. Batani limodzi linawadyera m'mawa wonse, ndipo linakhala mopendama. Kenako singano inagwa pansi. Anawerama, anaiona ili pomwepo, koma zala zinakana kuitola. Masana mzime wawo anadutsa kudzawaona. Anawatolera singanoyo, koma Mayi anaona kamchira ka zipi yoyera katatulukira m'chikwama chake. Mwanayo atapita, anakhala pampando n'kulira.

Atalira mokwanira anapukuta m'maso, anavala juzi n'kuzungulira kuseri. Anapeza bambo wa buledi akutulutsa mabanzi mu uvuni watsopano. Mmisiri anali pambali ndi chihamala chake, kudikira kuti auzidwe kuti ayambe kugumula.

"Aneba, ndabwera kudzapempha. Musaugumule."

"Si inu munkati ndikukuphikani?"

"Ndinkatero. Ndipo kukatentha ndidzateronso, musanamizike." Anatulutsa manja m'matumba a juzi n'kuwaonetsa mmene analili, otupa ndi opindika. "Koma popanda khoma lija, awa si manja. Mwana wanga apita ndi zipi."

Bambo wa buledi sanaseke. Anayang'ana manjawo kwa nthawi, kenako anaika thireyi pansi n'kunena zawo. Anati sikuti ankasamutsa uvuni chifukwa cha phokoso la Mayi lokha. Nyengo yotentha yapitayo anachita chizungulire ali pakamwa pa uvuni, anagwa thireyi ili m'manja, ndipo anadzidzimuka ali pansi, mabanzi ali mbwee. Adokotala anawauza kuti akapitiriza kudzitsekera m'chipinda chimenecho dzuwa likuswa mtengo, tsiku lina sadzadzuka. Sanauze munthu aliyense. Mayi anagwidwa ndi manyazi. N'kutheka kuti tsiku limenelo iwo anali pakhonde kukalipa, munthu ali gone kuseri kwa khoma lomwelo.

Mphepo inkawalasa onse awiri. Bambo wa buledi anadzikumbatira chifukwa cha kuzizira, ndipo Mayi ataona zimenezo anafunsa mwaukali, ngati kuti wolakwa ndi bambowo, kuti analamula ndani kuti munthu azikhala ndi uvuni umodzi. Juzi ndi malaya opepuka zimakhala m'nyumba imodzi, munthu amangosankha malinga ndi kunja. Bambowo anayang'ana uvuni watsopano, n'kuyang'ana chitseko cha wakale, mimba n'kuyamba kugwedezeka.

"Ndiye kukazizira ndiziphikira m'kati, nanenso ndiziwotha. Kukatentha ndizitulukira panja, khoma lanu lizizizira."

Onse awiri anaseka mpaka misozi, poganiza zaka zonse zimene anatha akukangana. Wokhumudwa anali mmisiri yekha, amene anabweza chihamala m'thumba akung'ung'udza, poti pantchito yonseyo chimene ankayembekezera kwambiri chinali kugumulako.

M'mawa mwake khoma linafunda. Mayi anachotsa nsalu yobisa chithunzi cha manja ija n'kuipinda. Mabatani anayamba kutsika kumsana kwa diresi, aliyense ndi kakhomo kake ka ulusi, ali pamzere ngati mano a mwana. Pakati pa ntchitoyo anapeza mpata wosokera bambo wa buledi malaya awiri opepuka oti adzavale kukatentha. Poyeza mimba tepi inatsala pang'ono kuperewera, ndipo nkhani imeneyi msewu wonse unaimva tsiku lomwelo.

Tsiku la ukwati kunacha ndi mitambo ndi kamvula kowaza. Mkwatibwi ankavalira kunyumba, kutali ndi shopu, m'chipinda chodzaza ndi azakhali, nsapato ndi fungo la mafuta a tsitsi. Diresi linamukhala bwino moti azakhali amene sayamikira kanthu anangoti kukamwa yasa. Kunatsala kumanga kumsana. Mayi anaima kumbuyo kwa mwana wawo, anagwira batani loyamba, n'kulephera kulilowetsa. Anayesanso, linawapulumuka. Anali ataganizira zonse, kupatula kuti khoma silinyamulika.

Galimoto inali italiza kale hutala panja. Azakhali ena anasendera pafupi akupinda manja a bulauzi. Mkwatibwi analankhula motsitsa mawu, osacheuka.

"Amayi, musadzivutitse. Mwasoka kale, azakhali angomanga."

Mayi anadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo zinawapweteka kuposa zala. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti apereke malo.

Nthawi yomweyo kunamveka odi pakhomo. Anali bambo wa buledi, atavala jekete losakumana pamimba, atafungatira kanthu kokulungidwa m'thaulo. Sanalowe. Anangopatsira mtsikana wina amene anatsegula chitseko.

"Apatseni amayi a mkwatibwi. Muwauze kuti si wodya."

Anali buledi wathunthu, wongophulidwa kumene, nthunzi ikutuluka m'thaulo. Mayi anamugwira ndi manja awiri n'kumukumbatira pachifuwa. Kufunda kunalowa m'zikhatho, kunatsikira m'mfundo, ndipo zala zinayamba kuwongoka chimodzichimodzi. Galimoto inalizanso hutala. Azakhali aja anatsegula zenera n'kuuza woyendetsa kuti ngati akufulumira akakwatiwe yekha.

Batani loyamba linalowa. Lachiwiri linalowa. Zala zikayamba kuuma, Mayi ankabwerera kwa buledi, kenako kumsana kwa mwana wawo. Mkwatibwi ankaseka uku akulira, ndipo Mayi ankamukalipira kuti asiye kugwedezeka. Anakwera nawo mpaka m'khosi, analowetsa lomaliza, n'kusalaza nsaluyo ndi chikhatho. Chipinda chonse chinkanunkhira buledi.

Atachotsa dzanja, paphewa la diresi panatsala kachizindikiro ka zala, ka ufa wopserera wa kunsi kwa buledi. Azakhali anathamangira kansalu kuti apukute. Mkwatibwi anakaona pagalasi, n'kuwagwira dzanja.

"Kasiyeni, azakhali. Ndipita nako."